Telala Ndiye Anayamba Kukweza Dzanja

Anakumana m'chipinda cha zosoka pa koleji ya m'dera lawo. Mphunzitsi wa zosokayo, amene aliyense ankangomutchula kuti Telala, anali atagwada kukonza lamba wa makina pamene mwamuna wina analowa ndi tepi n'kuyamba kuyeza khoma.

"Bambo, muno timayeza ziuno, osati makoma. Mwasochera?"

"Pepani mayi. Andilemba ntchito yokonza mapulani a kolejiyi a zaka khumi zikubwerazi. Koma ngati mukuyeza ziuno, changa ndi ichi."

Amayi ophunzirawo anafa nazo zoseka! Kuyambira pomwepo anamutcha Amapulani, ndipo sankatha tsiku osasuzumira pakhomopo. Lero batani lathothoka, mawa thumba lang'ambika.

"Mabataniwa mukuchita kuwadula ndi mano," Telala anamuuza.

"Nanga ndizibwera ndi chifukwa chanji, duwa langa?"

Telala sanali wongotengeka, anali atapsapo kale. Mtima wake wonse unali pa chipindacho. Amayi amasiye, atsikana osiyira sukulu panjira, onse ankapezera moyo pa makina akale aja. Chaka chilichonse mphekesera zinkamveka zoti chipindacho chitsekedwa, ndipo chaka chilichonse iye ankachimenyera nkhondo.

Koma mauthenga a pa foni aja! Ndani akanalimba?

"Wapamtima, lero ndajambula koleji ya mawa. Nyumba zosanja, magalasi okhaokha. Ndikamajambula ndimangoona nkhope yako."

"Nanga amayi angawa uwaika pati?" iye anayankha.

"Usadandaule, bebi. Ine ndilipo, palibe adzalire. Ndikulonjeza."

Mchemwali wake wamkulu ataona uthengawo anangopukusa mutu. "Iwe, mwamuna wokamba za zaka khumi uzimufunsa za Lachiwiri likubwerali."

"Achemwali, nsanje imakalambitsatu."

Kolejiyo inali ndi lamulo lake. Mapulani aakulu sankadutsa pokhapokha ophunzira ndi anthu a m'dera akweze manja pamsonkhano, ndipo ankavomereza zonse pamodzi, osati chidutswachidutswa. Msonkhano utayandikira, Amapulani anamuimbira foni.

"Mtima wanga, zandivuta. Ophunzira za ukalipentala ndi zomanga nyumba akukana. Popanda amayi ako aja mapulaniwa agwa, ine andichotsa. Ukufuna ndichoke?"

Achoke? Telala sanachedwe. Anayenda khomo ndi khomo mpaka zidendene kung'aluka. Amayi anasiya malonda awo, anabereka ana, anavala madiresi osoka okha n'kudzaza mabenchi akutsogolo.

Amapulani anaonetsa zithunzi pakhoma. Analankhula za kukula, za ophunzira ochuluka, za maphunziro oyenda ndi nthawi. Taye ili pakhosi, mawu ake osalala ngati nsalu yositidwa.

Mayi wina anamukodola Telala. "Aphunzitsi, makina athu ali pati pachithunzipo?"

"Ali m'katimo. Makina amaoneka kunja kwa nyumba?"

Mkulu wa koleji anati, "Ovomereza akweze manja." Amayiwo sanayang'ane zithunzi. Anayang'ana aphunzitsi awo. Telala anakweza dzanja, ndipo kumbuyo kwake manja anangoti mbwee!

Sabata yotsatira anapeza makina onse atatulutsidwa pakhonde, anyamata antchito akugumula khoma.

"Mayi, zosoka zatha," mkulu wa koleji anamuuza modekha. "Muno mulowa makompyuta. Si zimene munavomereza zija?"

Telala anathamangira ku ofesi ya Amapulani, osagogoda n'komwe. Anamupeza akulongedza mabuku m'katoni.

"Unkadziwa?"

"Dalingi, khala pansi kaye."

"Ndati unkadziwa?"

"Zinagamulidwa ndisanakudziwe n'komwe. Ine ndinangojambula. Koma kukukonda ndiye ndimakukonda, usakayike!"

Mkazi amene sanagwadirepo mwamuna aliyense anagwada pasimenti.

"Ndikupempha. Tipatseni ngakhale khonde. Ngakhale kachipinda kosungiramo matsache kaja, tidzapanikizana momwemo. Pali mayi amene mwana wake amadya akasoka yunifolomu. Ndikawauza chiyani? Ndinawatenga ine m'makomo mwawo!"

"Zadutsa kale, duwa langa. Manja anakwezedwa, sangatsitsidwenso. Ntchito yanga pano yatha, andiitana ku koleji ina. Tiye tipitire limodzi, ukapume."

Telala anadzuka pang'onopang'ono n'kusansa fumbi m'maondo.

"Kumenekonso amakweza manja?"

"Eya, lamulo ndi lomwelo."

"Ndiye wapeza kale woti akakusonkhanitsire amayi?"

Amapulani anatsegula pakamwa, koma foni yake inalira patebulo. Anaiyang'ana n'kuitembenuza chafufumimba msangamsanga. Telala anatembenuka n'kutuluka.

Pakhonde paja amayi anali atakhala pansi pafupi ndi makina awo, fumbi la khoma litawayeretsa m'mitu.

"Aphunzitsi, akuti chiyani alamu athu? Tilowa chipinda chiti?"

"Palibe chipinda," anatero Telala. "Palibenso alamu."

Kenako mayi wamkulu pa onsewo anatsegula chikwama chake n'kutulutsa nsalu yoyera yopindidwa bwino, mapini akadali m'mphepete, mkono umodzi usanalumikizidwe. Anaiika m'manja mwa Telala.

"Tinkasoka mobisa, inu mukatuluka. Timati tidzakudzidzimutseni pa ukwati wanu." Anakonza mpango wake n'kunyamula chikwama. "Mkono winawo mumalizitsa nokha, aphunzitsi. Ife tilibe posokera."