Mapilitsi a m'chikwama cha Danwell

Tryphena anakumana ndi Danwell pa siteji ya basi ku Lundazi m'mwezi wa Meyi 1995, basi ya ku Chipata itafa isananyamuke n'komwe. Anthu anali atakhala pamatumba awo a mtedza n'kumanyoza kondakitala. Tryphena yekha ankangozungulira, poti sanali munthu wodziwa kukhala pansi n'kudikira.

"Muli uli, amama?" anatero mnyamata wina wamtali. "Mukayenda chonchi mpaka madzulo, mufika ku Chipata musanakwele basi."

"Nili makola. Kodi imwe nchito yanu ni kulondela miyendo ya anthu?"

"Ya anthu iyayi. Yanu chabe."

Tryphena anafuna kukwiya koma kuseka kunamutsogolera. Basi sinanyamuke tsikulo, ndipo awiriwo sanadandaule.

Danwell anali mlimi wa fodya ku Chikomeni. Tryphena ankagwira ntchito pakachipatala kena ku Mphamba, kulemba makhadi a amayi obwera kusikelo ndi kudzatenga njira zolera. Lamulungu lililonse Danwell ankapalasa njinga kudzamuona, ndipo mkati mwa sabata kalata inkafika ndi aliyense wopita kumsika.

"Duwa langa la ku Mphamba," inatero kalata ina, "nkhukutemwa, nikukonda, ndipo nikachinena m'chilankhulo chimodzi sichikwana. Fodya akangogulidwa, nituma thenga kwa makolo ako. Ukakhala wanga sudzaliliranso mwamuna."

Thenga ndi munthu wokafunsira mbeta m'malo mwa mnyamata, ndipo Tryphena anayamba kumudikira tsiku lomwelo.

Fodya anagulidwa. Mvula inagwa, fodya wina anadzalidwa. Thenga osaoneka. Danwell anapita ku Lusaka kawiri, akuti kukaona mbale wake, ndipo anabwerako lamba ataboola bowo latsopano. Akamufunsa za kuondako ankati ndi likodzo, matenda amene aliyense wosamba kumtsinje amawadziwa. Akamufunsa za thenga ankati, "Posachedwa, chuma changa."

Posachedwa wake uti? Nanga ku Lusaka kuli mbale wanji wosatchulidwa dzina? Tryphena ankalakwitsa makhadi, ankapsereza ndiwo, maso ali kunjira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iye kudekha sanabadwe nako.

Lamulungu lina masana, Danwell akupopa njinga panja, Tryphena anatsegula chikwama chake kuti amuikire mtedza wokazinga. Pansi pake anapeza timapepala ta pulasitiki todzaza ndi mapilitsi, ndipo pa kalikonse panalembedwa kuti Provera.

Dzina limeneli ankalilemba tsiku ndi tsiku. Ndi la jakisoni amene amayi amabayitsa kuti asatenge pakati. Mankhwala a akazi, m'chikwama cha mwamuna wosakwatira!  Sanafunse munthu. Anatenga timapepala tonse, n'kupita kuseri kwa nyumba, n'kutiponya m'chimbudzi.

"Mukapeleke moni kwa mkazi wanu wa ku Lusaka," anatero atabwerako, akuponya chikwama pamapazi a Danwell. "Mumugulila na mankhwala yomwe? Ine mwaniyesa chitsilu?"

Danwell anapisa dzanja m'chikwamamo, nkhope n'kusintha.

"Tryphena, mapilitsi ali kuti?"

Sanakane za mkaziyo. Sanalumbire. Anangofunsa za mapilitsi, ndipo zimenezi zinamupweteka Tryphena kuposa china chilichonse.

"Ali m'chimbudzi. Mukawafuna kawatengeni."

Danwell anagwira chishalo. Kenaka anakankha njinga yake mpaka kumsewu, osaikwera.

Masabata atatu anadutsa popanda kalata. Tryphena ankauza anzake kuti wapuma, koma usiku ndi usana mtima unkamutentha. Ankamuda, ankamusowa, ndipo ankadzida chifukwa chomusowa.

Lachinayi lina kuchipatala kunabwera Faides, mlongo wake wa Danwell, fumbi lili mbuu kumiyendo. Sanamuyang'ane Tryphena. Anapereka pepala kwa anamwino.

"Achimwene mankhwala awo anasowa. Ku boma atiuza kuti alibe. Mwina kuno alipo?"

Anamwino anawerenga pepalalo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Awa si a kulela, mwana wanga. Dzina ni limodzi, koma awa ni amphamvu kwambili. Mlongo wako ali na khansa ya impso, ndipo yafika kale kumapapo."

Cholembera chinagwa m'manja mwa Tryphena.

Anamwino anafotokoza pang'onopang'ono. Khansa imeneyi ikafalikira, madokotala amayamba ndi jakisoni wotchedwa intaferoni, wobaya katatu pa sabata. Amabweretsa malungo ndi kufooka, amasungidwa mufiriji, ndipo amathandiza ochepa chabe. Kumene jakisoniyo sangatheke amapereka mapilitsi amenewa, amene sachiza koma amabwezako chilakolako cha chakudya ndi timphamvu pang'ono.

"Adokotala anawauza kuti akhale ku Lusaka azibayidwa," anatero Faides, tsopano akumuyang'ana Tryphena m'maso. "Anakana. Anati ku Lusaka kulibe Tryphena."

Tryphena sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anabwereka njinga ya anamwino, n'kupalasa mpaka ku Chikomeni, Faides ali pakaliyala, misozi ikuumira pankhope ndi mphepo.

Anamupeza atakhala pamthunzi wa chigafa cha fodya, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Masabata atatu okha anali atamumaliza. Tryphena anagwada pafupi naye.

"Ndine ninataya," anatero. "Ninataya na manja anga."

"Unataya chifukwa unanikonda. Wosakonda sapita kuchimbudzi na katundu wa eni." Danwell anayesa kuseka, chifuwa n'kumugwira.

"Musaseke. Bwanji simunaniuze? Munanisiya nikuganizila mkazi wosaoneka, pomwe imwe mukutha nokha?"

"Ninafuna uziniona ngati mwamuna wako, osati ngati khadi la kuchipatala."

"Nanga thenga?"

Danwell anayang'ana pansi. "Ningatume bwanji munthu kukapempha mwana wa eni kuti akhale wamasiye? Makolo ako niwauza chiyani?"

Pamenepo chisoni cha Tryphena chinasanduka mkwiyo. Bodza la mbale wa ku Lusaka akanalikhululuka msanga. Koma munthuyu anali atakhala pansi yekha, n'kuyeza moyo wa awiri, n'kugamula popanda kumufunsa.

"Mwanisankhila zonse, a Danwell. Mwasankha mankhwala chifukwa cha ine, mwasankha kubisa chifukwa cha ine. Umasiyewo ukabwela ni wanga, si wanu. Ichi chokha nisankha nekha. Thenga afike kwathu Chiwelu. Lolemba tikwela basi ya ku Lusaka, mukabayidwe jakisoni wanu, ndipo Tryphena akakhalako."

"Wamtima wanga, mvetsa. Adokotala anati ngakhale na jakisoni, mwina chaka. Mwina osakwana."

"Ndiye mukuchedwelanji?"

 Danwell anapukuta maso ndi nsonga ya bulangete n'kutembenukira kwa mlongo wake. M'mudzimo munali mkulu wina, a Manasseh, amene ankatumidwa pa nkhani za maukwati.

"Faides, kaitane a Manasseh kudimba," anatero. "Uwauze asambe, avale jekete."