Tasila ndi Wapolisi wa Pahachi

Tasila anafika pa polisi ya ku Petauke maso ali psuu. Ng'ombe zolimira za bambo ake zinali zitabedwa ku Nyampande, mvula ili pafupi kugwa.

"Musalile, amai. Nkhope yabwino so siyenela misozi," anatero wapolisi wina wamtali, wovala nsapato zofika m'mawondo.

Ameneyu anali Bonaventure Daka, mmodzi wa apolisi oyamba kupatsidwa mahachi kuti azilondera kumalire a Mozambique, m'tchire momwe galimoto sizifika ndipo akuba ziweto ankangodzichitira.

Sabata isanathe ng'ombe zinabwera, Bonaventure akuzikusa ali pa hachi yakuda yotchedwa Mphezi. Mudzi wonse unakhamukira kudzaona. Tasila anayang'ana mnyamatayo kamodzi, basi! Mwana wa eni ake anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe.

Mauthenga a Bonaventure anayamba kugwa pafoni ngati matalala, akumutcha kaluba, ndiye kuti kaduwa.

"Kaluba kanga, nili m'thengo, zuba yaniotcha, koma nikakuganiza nimvela monga namwa manzi ozizila."

"Switi wanga, ni iwe weka. Nikakunama, Mulungu anilange."

Ndani sakanakhulupirira? Atalonjeza kuti atuma ankhoswe, Tasila anauza amalume ake, ndipo tsiku linaikidwa: Loweruka lotsiriza la mwezi. Mtsikanayo ankayenda ngati sakuponda pansi.

Chinthu chimodzi chokha Bonaventure ankakaniza. "Ku Nyimba usabwele, mami. Kukampu salola alendo."

Koma wachikondi amamva? Lachinayi, kutatsala masiku ochepa, Tasila anakazinga mtedza nakwera basi ya ku Nyimba. Anamupeza Bonaventure pamsewu, pafupi ndi azimayi ogulitsa nthochi, akumwetsa hachi.

"Iwe! Wabwela osaniuza?"

"Nakuyewa, Bona. Siunakondwele?"

"Nakondwela maningi," anayankha, maso akuthamangira kwa azimayi aja. "Bwela, nikukweze pa Mphezi. Tiyende kwa tokha."

Tasila anasekerera. Ankaona ngati ndi chikondi, osadziwa kuti mnzakeyo akungomuchotsa pamaso pa anthu. Anamukweza, nagwira chingwe, nalowera kanjira ka kutchire.

Asanapite patali foni ya Bonaventure inalira. Anali bwana wake. Apolisitu ali ndi kamwambo kawo: bwana akaimba, munthu amaima njo, ngakhale bwanayo ali ku Chipata. Bonaventure anagunditsa zidendene, chingwe chija n'kuchitaya.

Mphezi sanadikire. Hachi ikasiyidwa yokha imapita kumene imadyera. Inatembenuka, niyamba kuthamanga.

"Bona! Bona, nigwile!"

Tasila anakakamira chishalo, mtedza ukumwazika m'njira. Hachi inadutsa dimba, inakhota pamtengo wa mango, n'kukaima yokha pakhomo la nyumba ya malata. Sipanali pakampu. Pachingwe panali patayanikidwa yunifomu ya polisi, pambali pake timalaya ta mwana.

Mayi wina woyembekezera anatuluka ndi beseni la gaga.

"Mphezi, lelo wabwela msanga!" Kenaka anaona mlendoyo. "Mayo! Amai, simunazipweteke? Bwelani nikuseluseni. Nanga atate ake Titus mwawasiya kuti?"

"Atate ake... ndani?"

"Amuna anga, a Daka. Ine ndine Jennipher."

Jennipher anayamba kumutsitsa pahachi. Manja amene ankamutsitsawo anali ofunda, achifundo, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka koposa. Akanakhala mkazi wamwano, bwenzi atapeza womuda.

Bonaventure anafika akupuma wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Aba ni andani, atate ake Titus?" anafunsa Jennipher.

Tasila anamuyang'ana m'maso. Mtima wake wopusawo unkayembekezabe. Nena, Bona! Nena kuti ndine kaluba kako!

"Ni... ni mboni chabe. Pa mlandu wa ng'ombe."

Mboni! Miyezi yonse ija, malumbiro onse aja, iye n'kusanduka mboni?

"Pepani, amai, hachi iyi ilibe ulemu," anatero Jennipher. "Nkhalani pansi, mumweko munkoyo."

Tasila analandira kapu namwa. Anafuna kukuwa, kuulula zonse, koma atayang'ana mimba ija anangobweza kapu naimirira.

"Zikomo, amai a Daka. Muchile bwino ikafika nthawi."

Anayenda wapansi mpaka kumsewu. Bonaventure sanamutsate. Chinamutsata ndi uthenga: "Nizakumasulila zonse, switi." Anaufufuta, misozi ikugwera pafoni.

Basi isanafike, foni inaliranso. Anali mayi ake, mawu odzaza chimwemwe.

"Tasila mwanangu, amalume ako afika kale! Afunsa ati, alendo ako a pa Chiwelu tiwaphele nkhuku zingati?"

Tasila anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Amama, nkhuku zisiyeni. Kulibe wamene azabwela."