Yesenia Akana Kalasi ya Alendo

Yesenia Barragán anawerenga kawiri pepala limene linamatidwa pachitseko, koma dzina lake silinasunthe. Linali m'gulu la alendo ongoyamba kumene Chisipanishi, pansi pa dzina la mnyamata wina wa ku Canada amene dzulo lake analephera kufunsa kumene kuli chimbudzi.

Anali atangotha masiku anayi ku Guanajuato, m'dziko limene makolo ake anabadwira, kumene anabwera kudzaphunzira teremu imodzi pa yunivesite ina ya mumzindawo. Kwawo kunali ku Yakima, ku Amereka. Makolo ake anachoka ku Michoacán, chigawo choyandikana ndi Guanajuato, iye asanabadwe n'kukakhala othyola maapozi ku Yakima, ndipo m'nyumba mwawo Chingerezi chinkathera pakhonde. Amayi ake ankamukalipira m'Chisipanishi, kumupemphereranso m'Chisipanishi. Ndiye lero munthu amuuze kuti ayambe kuphunzira kupereka moni?

Analowa mu ofesi ya Mayi Ocampo, woyang'anira ophunzira ochokera kunja, ali wefuwefu. Mayiwo anamumvetsera mpaka anamaliza, kenaka anatulutsa mayeso ake. Anamuuza kuti poyankhula anakhoza kuposa onse, koma polemba amangolemba mmene khutu lake lamvera. Anamuchenjezanso kuti akalowa kalasi ya mbiri yakale ya a Treviño, mmene mumaphunzira ana a komweko, n'kulephera, yunivesite yakwawo siidzawerengera teremu yonseyo. Anzake adzamaliza maphunziro iye akubwereza chaka.

"Ndilembeni mwa a Treviño momwemo," anatero Yesenia. "Ine si mlendo kuno. Agogo anga anagona m'dothi lomweli."

"Mayesowo sadzalemba ndi agogo ako, mwana wanga," anayankha Mayi Ocampo. Komabe anamulemba.

Masabata oyambirira Yesenia ankakhala mpando wakutsogolo, dzanja lili m'mwamba nthawi zonse. Kumbuyo kwake kunkakhala Ulises, mnyamata wapakamwa amene kalasi yonse inkadikira nthabwala zake. Yesenia akangoyankha funso, Ulises ankanong'ona kuti achemwali a kumpoto, a ku Amereka, ayambapo Chisipanishi cha m'munda. Yesenia sankatembenuka n'komwe.

Sabata yachinayi a Treviño anabweza nkhani zoyamba zimene ophunzira analemba. Anali bambo wachikulire, wowonda, wosakonda kuseka. Yesenia anapeza malikisi anayi pa khumi, pamene okhozera anali asanu ndi awiri, ndipo pepala lake linali psuu ndi cholembera chofiira. Mwa chizolowezi chawo, aphunzitsiwo analemba pabolodi ziganizo zolakwika osatchula eni ake, kuti kalasi izikonze. Chachitatu chinali ndi mawu akuti "haiga," mmene amanenera anthu akumudzi, m'malo mwa "haya" wa m'mabuku. Ulises anawerenga chiganizocho monjenjemeretsa mawu ngati nkhalamba, kalasi yonse n'kufa ndi phwete.

Yesenia anaimirira.

"Chiganizo chimenecho n'changa," anatero, mawu ake akumveka mpaka kukhomo. "Bambo anga amayankhula choncho. Amene akufuna kuwaseka awaseke tsopano, ine ndikumuyang'ana."

Palibe anaseka. Ulises anayamba kufufuza chinachake m'chikwama chake. A Treviño anaika choko pansi n'kunena kuti nawonso amayi awo ankayankhula choncho mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo mawu amodziwo sanamudyere malikisi ambiri. Chimene chinamugwetsa n'chakuti tsamba lathunthu linalibe mpumiro, zilembo zinali zosinthanasinthana, ndipo iwo anawerenga kawiri osamva chimene iye amafuna kunena.

"Kuteteza bambo anu mwachita bwino, Barragán," anatero. "Koma pepala ili sanalembe ndi bambo anu."

Yesenia anatola mabuku ake n'kutuluka nthawi isanakwane. Anakwera masitepe onse opita kunyumba imene ankakhala akutukwana chamumtima. Atafika anakhala pakama dzuwa likadali pamutu, n'kuyamba kuwerenga nkhani yake mokweza, kuti adzitsimikizire kuti mdalayo amangomuda. Tsamba loyamba anadutsa bwinobwino. Pakati pa lachiwiri anaima. Anabwerera m'mbuyo, anayambiranso, anaimanso pomwepo. Sankadziwa chimene iye mwini ankatanthauza. Zimenezi zinamupweteka kuposa kuseka kwa kalasi yonse.

M'mawa mwake Mayi Ocampo atamuona pakhomo anayamba kufunafuna fomu yosinthira kalasi. Yesenia anawauza kuti asavutike, mwa a Treviño sachokamo. Chimene ankapempha n'chakuti amulole kulowanso kalasi ya alendo ija, ya eyiti koloko m'mawa, imene ankaphunzira kalembedwe. Mayiwo anamuuza kuti makalasi awiri pamodzi ndi katundu wolemera. Iye anati akudziwa.

Sizinali zokoma. Ankakhala pakati pa anthu amene ankatchula mawu mokhotetsa, koma pa mayeso a sipelo ankamuposa. Mnyamata wa ku Canada uja, Declan, ankapeza zonse pamene iye ankalakwa theka. Tsiku lina Yesenia anameza malovu n'kumubwereka kope lake. Ankalemba chiganizo chimodzi kasanu, kufufuta, kulembanso. Anzake akamapita kokaona malo Loweruka, iye ankatsala patebulo ndi buku la malamulo a chiyankhulo chimene ankalota nacho chibadwire.

Tsiku lina potuluka m'kalasimo anakumana ndi Ulises pamasitepe.

"Ee, achemwali, mwabwerera kusukulu ya mkaka?"

"Eya, ndabwerera. Uli ndi funso lina?"

Ulises anapatuka, Yesenia n'kudutsa.

Nkhani yachiwiri anapeza asanu. Yachitatu asanu ndi limodzi. Zonse zinatsalira pa nkhani yomaliza, yaitali, imene a Treviño ananena kuti ndi imene idzagamule. Yesenia anasankha kulemba za anthu a m'mudzi wa bambo ake amene anasamukira kumpoto, ku Amereka. Lamlungu lililonse ankawaimbira foni n'kumawafunsa za ulendo wawo, za chaka chimene chimanga chinapserera m'munda, za mchimwene wawo amene anabwerera panjira. Zimene bambo akewo ananena anazilemba ndendende mmene zinatulukira pakamwa pawo.

Kutatsala sabata imodzi, a Treviño anamuitanira mu ofesi yawo. Ananena kuti kalembedwe kake tsopano kakuwerengeka, ngakhale kuti sikanafike. Kenaka analoza ndime zisanu zimene munali mawu a bambo ake. Anati m'kalasi mwawo lamulo n'lakuti chilichonse cha papepala chikhale m'Chisipanishi cha m'mabuku, ndipo iwo sasintha lamulo chifukwa cha munthu mmodzi. Akazisiya choncho, amuchotsera limodzi pa malikisi ake.

Yesenia anadziwa kuti limodzi lomwelo likhoza kumubwezetsa chaka.

"Zanga zonse ndakonza, aphunzitsi, ndipo ngati zilipo zina ndionetseni ndikakonze. Koma izi si zanga. Sindingawaike bambo anga mawu amene sananene."

"Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa. Chotsani."

A Treviño anachotsadi. Zotsatira zitatuluka, Yesenia anapeza asanu ndi awiri, osapitirira ngakhale pang'ono. M'mphepete mwa tsamba lomaliza aphunzitsiwo analemba kuti akanapeza asanu ndi atatu, ndipo sanawonjezerepo kanthu.

Anafika ku Yakima mu Disembala, mitengo ya maapozi ili mbee, yopanda tsamba. Lamlungu masana, atachoka kutchalitchi, anakhazika bambo ake pampando wa kukhitchini n'kuwawerengera nkhani yonse. Bambowo, amene sukulu analekera Sitandade 3, anamvetsera manja awo okhakhala ali pamaondo. Atafika pa ndime yoyamba ya mawu awo, anamudula.

"Ukuti unalemba choncho? Aphunzitsi akowo anawerenga zimenezo?" anafunsa mwamanyazi. "Ukanakonzako pang'ono, mwana wanga. Aziti bambo ako ndi mbuli."

"Anandiuza kuti ndikonze, ababa. Ndinakana."

Bambo Barragán anayang'ana mapepala amene sakanatha kuwerenga bwino. Amayi ake a Yesenia anasiya kutsuka mbale. Patapita nthawi, bambowo anakokera mpando wawo pafupi ndi wa mwana wawo.

"Tabwereza pamene ndikuyankhula inepo," anatero. "Koma uwerenge pang'onopang'ono."