Khoma Losafika Kumalata

Mtembo wa Ennie Mukupa, mayi wamasiye wa ku Kanyama, unapezeka pabedi Lachiwiri nthawi ya 7:20 m'mawa, chitseko chili chokhoma m'kati. Pomwe Inspekita Kabaso ankafika, apolisi anzake anali atatsekera kale Miracle, mwana wa mchemwali wa malemuyo, pomuganizira kuti anathira chiphe m'chakudya poti ndiye anaphika dzulo lake. Ntchito yaphuma yotere inkamunyansa Kabaso.

"Sin'naikemo vilivonse, ba bwana," analira Miracle ali m'chitokosi. "Tinadya pamodzi, ine nayenda kwathu ku Chawama."

Kabaso anabwerera kunyumbako. Mbaula inali panja, yozizira. M'chipindamo munkanunkha ngati adyo, ndipo chibangili chamkuwa patebulo chinali chitada bii. Ananunkhiza mafuta m'poto wosavundikira, fungo lomwelo. Anaimbira Dokotala Mpundu wopima mitembo.

"Chakupha sichinabwere m'mbale, chinabwera mumpweya," anatero dokotalayo. "Mpweya umachoka pomwe wachuluka n'kufalikira pomwe wachepa. Umalowa m'mafuta, ndipo ukafika m'mapapo umawolokera m'magazi. Pezani komwe unachokera."

Kabaso anakweza maso. Khoma silinafike kumalata. Kuseri kwake kunali chipinda cha Eugene, mlamu wa Ennie, chosungiramo chimanga. Munali matumba awiri okha, koma pamwamba pa khomalo panali mbale yonyowa, yodzaza phulusa la mapiritsi ophera anankafumbwe.

Nthawi ya 2:15 masana Eugene anali kupolisi, Kabaso akumufunsa mafunso.

"Nenze kusunga chabe chimanga, ba Inspekita."

"Masaka yabili, mapilisi yozula mbale? Nanga simunaike mu masaka chifukwa chani? Munaika pamwamba pa chipupa, mwathilako na manzi kuti yatuluse mpweya mwamusanga."

Eugene anawerama.

"Nyumba ija ni ya mukulu wanga. Anamwalila, mukazi wake akana kuchoka. Nenze kufuna chabe adwale, ayope, athawe. Wogula nyumba nenze napeza kale."

Kabaso anakatsegulira Miracle yekha, manyazi atamugwira chifukwa cha anzake aja. Potuluka, mtsikanayo anaona Eugene ali m'maunyolo pabenchi, naima.

"Ba Eugene, ba anti benze bagula tiketi ya ku Petauke. Benze kuyenda pa Chiwelu, osabwelanso. Bananiuza ati makiyi nikapase imwe."