Madzi mu Oilo

Njuchi ananyamuka Lolemba kukagula uchi kwa alimi a kutsidya kwa chidikha, nanena kuti abwerako Lachitatu. Dzina la Njuchi anamupatsa ndi anzake chifukwa cha malonda omwewo. Lachisanu linakwana pikapu yake osaoneka, foni osalowa. Mkulu wake, yemwe anali makaniko, anatseka galaja, namangirira bokosi la zida, chigubu cha madzi ndi botolo la oilo pa njinga yamoto. Njinga yachiwiri inali ya mlenje wina wachikulire wodziwa njira za m'chidikhamo. Mkazi wa Njuchi anakana kutsala.

"Alamu, kumeneko kulibe ngakhale mthunzi," anatero makaniko.

"Ndiye amuna anga akukhala pati?" anayankha mayiyo, nakwera kumbuyo kwa mlenje.

Ananyamuka Loweruka kukucha. Msewu unathera pa mlatho wamatabwa, kenako panatsala timizere tiwiri ta mateyala m'maudzu ouma. Pa mtsinje wouma anapeza njovu zikukumba mchenga kufuna madzi. Mlenje anazimitsa njinga, nanyowetsa chala kuti amve kolowera mphepo.

"Tidikire. Zili ndi ana."

Anadikira theka la ola njovuzo zisanasunthe. Atawoloka, anakumana ndi chimphepo chafumbi chomwe chinafufuta mizere ija, koma mlenje ankangoyang'ana phiri lina lakutali, osatembenuka.

Pikapu anaipeza dzuwa litakwera pang'ono. Inaima pakati panjira, boneti ili yasa. Kumbuyo kunali zidebe khumi za uchi, zomanga bwino. Pansi panali mabotolo asanu amadzi, onse opanda kanthu. Mayi uja anaitana mwamuna wake katatu. Palibe anayankha.

Makaniko sanaitane. Anagwada nasuzumira pansi pa injini. Dothi linali louma, lopanda dontho. Anafinya mapaipi a madzi limodzilimodzi, nayang'ana rediyeta. Panalibe pong'ambika, koma mkati munalibe madzi.

"Madzi onsewa anathira muno," anatero, akuloza mabotolo. "Pansi sanadonthe. Ndiye alowa mkati."

Anasolola kachitsulo koyezera oilo. Oilo anali wotuwa ngati tiyi wamkaka. Anamasula mapulagi onse anayi nawayala pa nsanza. Atatu anali akuda, koma limodzi linali loyera ngati latsopano. Anauza mlenje kuti apotoze kiyi. Injini inagudubuka mofooka, ndipo pabowo la pulagi loyera lija panatuluka madzi kuti tsaa!

"Gasiketi yapsa. Imeneyi imakhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, kulekanitsa madzi, oilo ndi moto. Ikang'ambika zonse zimasakanikirana. Njuchi ankaona utsi woyera kumbuyo, n'kumangothira madzi ake akumwa."

"Ndiye anatsala opanda madzi," anatero mlenje. Anazungulira galimotoyo akuyang'ana pansi mpaka anapeza mapazi olowera kum'mawa. "Uko kuli thamanda. Koma si la anthu okha."

Anakoleka mfuti paphewa napita ndi mayi uja. Makaniko anatsala akumasula mabawuti.

Njuchi anamupeza patsinde pa mtengo, mtunda pang'ono kuchokera pathamanda. Miimba inali itakhala kale m'nthambi. Njati inali itamugwaza pantchafu pamene ankatunga madzi, ndipo anali atamanga bala ndi malaya ake. Mwendo unali utatupa, utada mpaka m'bondo. Maso anali otseguka, koma anazindikira mkazi wake atamva mawu ake.

"Uchi ulipo?" anafunsa.

"Ulipo. Imwani pang'onopang'ono."

Anamugoneka pa bulangete, namunyamula mpaka pagalimoto, akupumira panjira kanayi. Makaniko anayang'ana mwendowo kamodzi.

"Panjinga sangakwere. Galimotoyi iyenera kudzuka."

"Maola angati?" anafunsa mlenje.

"Anayi, ngati mutu sunapindike."

Awiriwo anakweza mutu wa injini nauika pa chitseko chakumbuyo. Gasiketi yakale inali itadyeka pakati pa bowo la silinda yachitatu ndi njira ya madzi, mpata wosakwana chikhadabo. Makaniko anapala zotsalira zonse ndi lezala, napukuta. Kenako anagoneka rula yachitsulo pamwamba, nasuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Kunalibe mpata. Apo anatsegula bokosi lake natulutsa gasiketi yatsopano, ili m'pepala lake.

Mayi uja anali akukupiza mwamuna wake ndi chipewa. Anasiya.

"Alamu, munadziwa bwanji kuti mutenge imeneyo?"

"Anabwera kugalaja sabata yatha. Anati galimoto ikumwa madzi. Ndinagula gasiketi tsiku lomwelo, koma ndinali ndi ntchito za anthu. Ndinamuuza kuti azingothira madzi, tidzaikonza akabwerako."

Mayiyo anamuyang'ana kwa kanthawi, napitiriza kukupiza.

"Achimwene," anatero Njuchi ali pabulangete, "musamange mothamanga. Mumati othamanga amamanga kawiri."

"Khala chete, usunge mphamvu."

Anabwezera mutu, nayamba kumanga mabawuti kuchokera pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Sipanala inkawotcha m'manja moti ankaigwira ndi nsanza. Anakhetsa oilo wotuwa uja, nathira watsopano. Madzi a m'chigubu anali atatsala ochepa, choncho mlenje anabwerera kuthamanda ndi mabotolo. Kunamveka mfuti kamodzi. Anabwera ndi madzi amatope, thalauza litang'ambika pabondo.

"Njati yomwe ija?" anafunsa makaniko.

"Kaya. Sindinaifunse."

Anasefa madziwo ndi mpango wa mayi uja kawiri asanawathire m'rediyeta. Batire linali litafooka, motero amuna awiriwo anakankha, mayi ali pachiwongolero. Ulendo woyamba injini inangotsokomola. Wachiwiri inalira. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera kwa kanthawi, kenako unatha. Makaniko anasiya rediyeta yosatseka, nayang'ana m'madzimo ngati mukutuluka thovu. Madzi ankangoyenda bata. Anatseka.

Anatsitsa zidebe zisanu ndi ziwiri za uchi kuti wodwala apeze pogona, nazisiya pambali pa njira limodzi ndi njinga ya makaniko. Mlenje anatsogola pa yake. Dzuwa linali litapendeka.

Makaniko ankayendetsa diso limodzi lili panjira, lina pa singano ya kutentha. Singanoyo inakwera kufika pakati, n'kukhazikika pomwepo. Pa mtsinje wouma mateyala anatitimira mumchenga. Anaphwetsako mpweya, nayala nthambi, ndipo anatulukamo. Pamenepo anataya mphindi makumi anayi.

Atatsala pang'ono kufika pa mlatho wamatabwa, mayi uja anagogoda galasi lakumbuyo. Makaniko anachepetsa liwiro.

"Musaime, alamu," anatero mayiyo. "Koma kuchipatala musapitenso. Tipite kunyumba."

Makaniko anayang'ana pagalasi. Bulangete linali litakokedwa mpaka kumutu. Analiza hutala kawiri, ndipo mlenje anatembenuka, naona, navula chipewa ali panjinga pomwepo. Pa mphambano yolowera m'tauni anakhotera kumanzere.

Anafika dzuwa likulowa. Amayi awo a makaniko ndi Njuchi anali kuseri kwa nyumba akuanula zovala. Anatulukira ndi zopanira zovala m'manja, zovala zili paphewa, akuseka.

"Ndaimva isanakhote pagolosale paja!" anafuula. "Ndati mwana wanga uyo. Koma lero ikulira bwino, yasiya kutsokomola kuja."

Galimoto inaima pachipata. Makaniko anazimitsa injini, natsika, manja ali akuda mpaka m'zigongono. Amayiwo anayang'ana mpando wa dalaivala, kenako mpando winawo, kenako mpongozi wawo yemwe anali chikhalire kumbuyo pakati pa zidebe zitatu.

"Nanga mwini wake wakupatsa bwanji kiyi?" anafunsa. "Iye uja salola munthu kuyendetsa galimoto yake."

"Amayi," anatero makaniko, "ikani zovalazo pansi."