Khoswe Waulemu wa Atupele

Atupele ndi mdzukulu wanga. Amakhala ku Indianapolis, ku America. Atupele ali ndi khoswe. Inde, khoswe! Dzina lake ndi Tiki. Atupele safuna kusiyana ndi Tiki.

Tiki ali ndi nyumba yawaya. Ali ndi kabedi kolendewera. Ali ndi botolo la madzi. Ali ndi mbale yakeyake.

Ine nditafika kuchokera ku Malawi, ndinakuwa.

"Sosten, mwana wanga! Sukulu yonse ija, uziweta makoswe?"

"Anagula ndi mayi ake," anatero Sosten.

"Bodza! Munagula ndinu!" anatero Lucia, mkazi wake.

Anakangana. Ine ndinakokera mpando pafupi. Mkangano umakoma uli pafupi.

Kenako Lucia anagamula. "Agogo sakumufuna. Loweruka Tiki apita ku South Bend, kwa Belinda, azakhali ake a Atupele."

Atupele analira. Analira, analira. Kenako anayang'ana thumba langa la mtedza. Anasiya kulira.

M'mawa ananyamula nyumba ya Tiki. Anaiika pafupi ndi mpando wanga.

"Agogo, pano pakutentha bwino," anatero. Anathamangira basi ya sukulu.

Onse anapita. Ndinatsala ine ndi khoswe.

Ndinaswa mtedza. Tiki anandiyang'ana. Ndinatembenuka. Tiki anandiyang'anabe. Kwathu munthu sadya mnzake akuyang'ana. Atupele amadziwa zimenezo. Kamwana kochenjera!

"Tenga, wakuba iwe," ndinatero.

Tiki analandira ndi manja awiri. Manja awiri! Sosten amalandira ndi dzanja limodzi. Linalo lili pa foni.

Ndinamupatsanso. Manja awiri. Ndinamuuza za mchere wa Lucia. Tiki anamvetsera. Sanayankhe m'Chingelezi.

"Agogo, mtedza pang'ono," anatero Atupele atabwera. "Anganenepe. Amadyanso karoti."

Ndinadula karoti. Manja awiri!

Loweruka Belinda, mwana wanga wamkazi, anafika pa galimoto. Anagwira nyumba ya Tiki.

"Isiye!" ndinatero. "M'nyumba muno waulemu ndi mmodzi yekha. Sapita!"

"Amayi! Msewu wonse uja ndayenda pachabe?" anakuwa Belinda. "Sosten, foni ulibe?"

"Funsa alamu ako!" anatero Sosten.

"Ine ndalowamo bwanji?" anakuwa Lucia.

Atupele anandikumbatira. "Zikomo, agogo."

"Fendera kuno," ndinatero. "Bwera ndi Tiki. Bwera ndi karoti. Apa angoyamba kumene."