Lachinayi la Sawsen

Sawsen anakumana ndi Nidhal pa siteji ya minibasi mumzinda wa Sfax, dzuwa likuswa mtengo. Ankachokera kuchipatala, mapiritsi atawabisa pansi pa chikwama.

"Achemwali, mpando uwu ndasungira inu," anatero mnyamatayo. "Mukaukana, ine ndifa mbeta yamphongo!"

Sawsen anaseka. Kanali koyamba kuseka chitulukireni m'chipatala, kumene bambo ake anathamangira naye ataona kuti mwana wawoyo watha masiku asanu osagona, akulankhula zosamveka. Pomutulutsa, adokotala anamuuza kuti azimwa mapiritsi tsiku lililonse ndipo azibwera kudzaonedwa Lachinayi lililonse.

Chikondi chinagwira ngati moto wolusa.

"Duwa langa, wadzuka? Popanda iwe ngakhale khofi sakukoma," unkatero uthenga wa m'mawa.

"Kodi Lachinayi umasowera kuti?" Nidhal anafunsa tsiku lina.

"Kwa azakhali."

Akanamuuza bwanji zoona?

Tsiku lomwe mayi a Nidhal anabwera kudzamuona, Sawsen ndiye anathira tiyi. Manja ananjenjemera monga ankachitira chiyambireni mankhwala, tiyi n'kutayikira pa diresi la mlendo.

"Mwanayu ali bwino?" anafunsa mayiwo, diso lili pa manja ake.

"Ndi manyazi chabe," mayi a Sawsen anayankha msanga.

Kuyambira pamenepo Sawsen analeka kumwa mapiritsi. Kuchipatala anajomba kawiri. Manja anakhazikika, koma tulo tinathawa. Tsiku limodzi lokha anatumizira Nidhal mauthenga makumi asanu ndi limodzi!

"Wapamtima, wasintha," anatero Nidhal atakhala pa benchi pafupi ndi doko. "Ukulankhula osapuma. Chavuta n'chiyani?"

Foni inalira. Sawsen anaiyankha mosaganiza, ndipo mawu a namwino anamveka bwinobwino mpaka kwa Nidhal: "Sawsen, mwajomba kawiri. Mankhwala mukumwa? Adokotala a matenda a maganizo akukufunani Lachinayi."



"Ndiye azakhali aja ndi amenewa?" Nidhal anafunsa chapansipansi.

Sawsen anaulula zonse, misozi ili chuchuchu. "Ndinasiya chifukwa cha iwe! Ndinkaopa kuti undithawa!"

Nidhal anamugwira manja onse awiri. "Usadzachitenso zimenezi, mtima wanga. Lachinayi tipitira limodzi. Ndikulonjeza."

Lachinayi Sawsen anafika molawirira n'kukhala poyang'anana ndi khomo. Aliyense wolowa, ankamuyang'ana kumaso poyesa kuti ndi Nidhal. Kodi minibasi yachedwa? Kodi wasochera? Ola linatha. Kenako foni inanjenjemera.

"Ndawauza amayi. Akuti banja lathu silingathe kusenza zimenezi. Ndikhululukire, duwa langa."

Sawsen anawerenga uthengawo katatu. Miyendo inkamuuza kuti athawe, akadzitsekere m'chipinda, asadzaonenso munthu.

"Sawsen Trabelsi!" namwino anaitana. Ataona mpando wopanda munthu pambali pake anafunsa, "Mwabwera nokha?"

Sawsen anapukuta misozi, nazimitsa foni.

"Ndekha," anatero akuimirira. "Ndipo adokotala muwauze kuti ndinasiya mankhwala milungu itatu yapitayo. Amandinjenjemeretsa manja. Andithandize, ndikufuna kuyambiranso."